Laimu Akanyowa

Dzanja lamanja la malume anga analiphwanya ndi njerwa, masana dzuwa likuswa mtengo, pakhonde la nyumba imene ndikukhalamo mpaka lero. Amene anawaitana kuti akandionere nyumbayo ndine.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito ku fakitale ya tiyi, koma ndinkakhala pachikamwini, kwawo kwa mkazi wanga. Amene sanakhalepo pachikamwini asandiuze kanthu. Nyumba ndinamanga ine, chimbudzi ndinakumba ine, chinangwa ndinabzala ine, koma apongozi anga akapsa mtima ankalankhula ndi nkhuku, mokweza kuti ndimve, kuti tambala wobwera salamula khola. Tsiku lina mlamu wanga ataledzera ananditayira zovala pabwalo. Ndinamutema ndi mpini wa khasu pamphumi, magazi chuu, mudzi wonse n'kundiunjirira. Ndinalipira mbuzi. Pamenepo ndinalumbira kuti ndidzapeza nyumba imene munthu wobadwa kwa mkazi sadzandithamangitsamo.

Ndiye ndinamva za nyumba ina kufupi ndi Limbuli: njerwa zowotcha, malata, zipinda zitatu, mtengo wake ngati akugulitsa njinga. Wogulitsa anali tcheyamani wa chipani wa dera limenelo, ndipo ankati inali ya mbale wake amene anamwalira. Ine ndinali nditagula kale mumtima. Malume ndinawatenga chifukwa kwathu munthu sagula nyumba mmisiri asanaigogode, komanso ndinkafuna andiyamikire, basi.

Malume anamanga nyumba zambiri za azungu a m'maesiteti, ndipo anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Maso sankawakhulupirira. Ankayenda ndi hamala yaing'ono, ndipo akamaliza kugogoda ankapempha ndowa ya madzi n'kukhuthulira pakhoma. Ankati laimu akauma ndi wabodza, koma akanyowa amaulula zonse zimene zili pansi pake, ming'alu ndi zigamba zomwe. Lamulo lawo lina linali lakuti zimene apeza amazinena pamaso pa onse awiri, wogula ndi wogulitsa, kuti wina asadzati mmisiri anadya chibanzi kuseri. Lamulo limenelo ndinkalidziwa bwino lomwe, koma sindinaganize kumene ndikulitengera.

Tinafika Loweruka m'mawa. Tcheyamani tinamupeza pakhonde ndi amuna atatu a chipani, awiri ali ndi zibonga. Asanatifunse n'komwe kuti tadzuka bwanji anati tionetse makhadi a chipani. Tinaonetsa. Nyumbayo inali mbee, laimu watsopano, malata akuwala, ndipo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, sindibisa.

Malume anayamba kugogoda. Makoma akutsogolo anayankha bwino. M'chipinda chakumbuyo khoma linalira ngati mgolo wopanda kanthu, pulasitala n'kusweka, njerwa yapansi pake n'kufumbutuka ngati chigumu chouma. Anapukusa mutu. Anakwera pampando kuyang'ana kudenga, ndipo atatsika chikhatho chawo chinali bii. Malata anali atsopano, inde, koma anawakhomera pa mapaso a mkungudza opserera, makala okhaokha, oti mphepo ya kuphiri ikanadzangowomba kamodzi denga n'kutigwera tili mtulo. Pafelemu ya chitseko anakanda ndi chikhadabo n'kupeza mabala a nkhwangwa omata ndi dothi.

Ine ndinawayandikira malume. Ndinawakoka malaya kuti zakwana, tidzakambirana kunyumba. Sanandiyang'ane n'komwe. Anapempha madzi, ndipo tcheyamani, posadziwa ntchito ya madziwo, anauza mmodzi wa amuna aja kuti akatunge.

Khwaa! pakhoma. Laimu anatuwa tikuona, ndipo mwaye unatuluka, wakuda, wokwera m'mwamba mmene malawi anayendera. Khwaa! kachiwiri, pafupi ndi chitseko. Pamenepo panatuluka dzanja la munthu wamkulu, zala zinayi zofiirira zokokeka chotsika, m'munsi kwenikweni, polekezera bondo. Mwini dzanjalo anali akukwawa.

Panalibe woti afotokozere mnzake. Chaka cha m'mbuyo mwake anthu a mpingo wina amene ankakana kugula khadi la chipani anamenyedwa m'midzi yonse ya kuno, nyumba zawo kutenthedwa, otsala n'kuthawira kwa Apwitikizi kutsidya kwa malire. Tonse tinamva kulira kwawo, tonse tinatseka zitseko. Ndinawayang'ana malume ndi maso opempha kuti abale inu, kamodzi kokha m'moyo wanu, khalani chete.

Anatula ndowa pansi, n'kutembenukira kwa tcheyamani, mwaulemu wonse.

"Bwana, nyumbayi inapsa, denga lake ndi msampha, ndipo muno anamenyeramo munthu. Mwana wa mlongo wanga sangagule manda."

Tcheyamani sanakalipe. Anangofunsa kuti madzi aja anakhuthula ndi dzanja liti.

Amuna aja anawakokera malume panja ngati thumba la chimanga. Chibonga choyamba chinawapeza m'nthiti, chachiwiri kumsana, munthu wa imvi, wamkulu kuposa atate a omenyawo. Ine mutu unazungulira. Ndinatola hamala ya malume n'kumukhoma nayo mmodzi paphewa, ndinamva fupa likulira, ndipo mpaka lero sindinalapepo za iyeyo. Koma anali atatu. Chibonga chinanditera pakamwa, mano awiri n'kulavula pamodzi ndi dothi, wina n'kundiponda pakhosi nkhope itayang'ana kukhonde kuti ndione bwino.

Anayala dzanja la malume pasitepe. Njerwa anazula m'mbali mwa khonde lomwelo, yolimba, yosapsa ndi moto uja. Anamenya katatu. Koyamba malume anakuwa, kachiwiri anaitana amayi awo m'Chilomwe, kachitatu sanatulutse mawu. Anthu ankadutsa pamsewu ndi madengu a nanazi kupita kumsika, aliyense khosi litauma, osacheuka.

Kenako tcheyamani anagwada pafupi nane. Anati munthu amene amalirira anthu aja ndiye kuti ndi mmodzi wa iwo, ndipo wokweza dzanja pa mwana wa chipani amadziwa yekha kumene amapita. Anati galimoto ikhoza kubwera lero lomwe kudzatitenga tonse awiri, ndipo kwathu angomva mphekesera. Koma ngati nyumba ili bwino, monga iye ankadziwira, ndiye kuti nkhalamba inangoterereka ndi madzi ake omwe.

"Nyumba ili bwino," ndinatero, magazi akutuluka m'kamwa. "Ndigula."

Anandiuza kuti ndibwereze mokweza, malume amve. Ndinabwereza. Kalata tinalemberana pakhonde pomwepo, pambali pa sitepe ija, ndalama zimene ndinasunga zaka zonse n'kutuluka m'sokosi.

Malume ndinawakankha panjinga mpaka kuchipatala, ndipo kumeneko ndinanena kuti khoma lawagwera. Adokotala anayang'ana pakamwa panga, sanafunse zambiri. Dzanja linapola, koma linapola ngati phazi la nkhuku yowamba, zala zitapindikira m'kati. Hamala sanaigwirenso. Munthu amene anamangira azungu anamaliza moyo wake akudya ndi dzanja lamanzere ngati mwana wosaphunzitsidwa, akudikira kuti adzukulu amumangire mabatani.

Ndinasamukira m'nyumbamo mwezi womwewo, ndi mkazi wanga ndi ana. Khoma lija ndinaligumula pulasitala yense ndi manja angawa, mapaso ndinasintha, felemu ndinawotcha. Mutathira madzi lero simuona kanthu. Apongozi anga atabwera kudzaona anayamikira mpaka kuwomba m'manja, ndipo ine ndinatulukira kuseri kwa nyumba.

Malume sanandinenepo, ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa chibonga. Bola akanditukwana. Ankabwera kudzationa, koma ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, kaya kuli chiperoni, kaya dzuwa. Pakhonde sanapondepo. Tsiku lina ndinawachonderera kuti angolowa aone mmene ndakonzera. Anayang'ana nyumbayo nthawi yaitali, dzanja lija lili pamwendo.

"Ndinaiona kale," anatero.

Zimene ndinalumbira zinachitika. Ana anga akulira muno, chipani chija chinachoka pampando, tcheyamani anafa, ndipo palibe munthu anandithamangitsapo. Koma anthu a mpingo aja amene anathawa anayamba kubwerera, ena okalamba, ena ana awo olankhula Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi. Ndiye mpaka lero munthu wachilendo akaimitsa njinga pamsewu n'kuyang'ana nyumbayi mopitirira muyeso, ndimasiya zimene ndikuchita. Ndimadzuka pampando, n'kuima pabwalo kudikira kuti alankhule, ndipo ndisanaone nkhope yake ndimayamba ndamuyang'ana m'manja.