Mtanda wa Anti Lan

Ndikukumbukira chaka chimene ntchito zomanga zinaima ku Dubai, nyumba zitalizitali zitasiyidwa zosamaliza. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ine ndi mayi anga, amene anali namwino, tinkakhala m'dera la Karama, ndipo khomo loyang'anizana ndi lathu linali la Anti Lan, mayi wa ku Vietnam. Amuna awo atachotsedwa ntchito, banjalo linatsala ndi mwezi umodzi wokha: wina apeze ntchito, apo ayi abwerere kwawo.

Anti Lan ankaphika pate so, timabanzi ta nyama mkati, tokhala ndi khungu lopyapyala lomwe limayoyoka ukangoluma. Fungo la batala ndi anyezi linkadzaza khonde lonse. Anandiuza kuti agogo awo anaphunzira kwa Afalansa amene ankalamulira dziko lawo, koma tsabola ndi msuzi wa nsomba n'zakwawo. Kwawo amaikamo nkhumba. Ku Dubai ankaikamo nkhuku kuti aliyense adye.

Hotela ina ya ku Garhoud inawaitana kuti apite ndi zophika zawo 4 koloko, mabwana akalawe n'kuona ngati angawalembe ntchito. Kuyambira m'mamawa anali pa mtanda wa ufa: kuika batala wozizira pakati, kupinda, kubwezera m'firiji, kudikira, kupindanso. Masana anandisiya ndi mwana wawo, iwo n'kuthamangira kukajambulitsa mapepala.

Ine ndiye ndinali katswiri wa mandasi, wodzimva zedi. Nditatsegula firiji ndinapeza mtanda uli gwa, mizere ya batala ikuonekera. Mumtima ndinati, mayiwa atopa, sanakande bwino. Ndinautulutsa n'kuukanda ndi mphamvu zanga zonse mpaka unafewa ngati wa mandasi, ndipo ndinaubwezera ndikunyadira.

Anti Lan atabwera anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana wotchi. Anadula, kuika nyama, kupaka dzira, n'kulowetsa mu uvuni. Timabanzito sitinafufume. Tinatuluka tophwatalala, tolimba, batala ali chuchuchu m'thireyi. Apo m'pamene ndinadziwa kuti mizere ija ndi imene imatukula khungu, ndipo ine ndinali nditaipha. Anatilongedzabe m'bokosi, n'kuvala diresi yawo yabwino, n'kupita. Ntchito sanaipeze.

Ndinabisa zimene ndinachita kwa milungu iwiri. Ndikamva chitseko chawo ndinkabisala. Tsiku lonyamuka, masutikesi ali pakhonde, ndinaulula ndikulira.

"Ndinadziwa, mwana wanga," anatero Anti Lan m'Chingerezi chawo chodukaduka. "Zala zako zinadinda pamtanda."

"Nanga bwanji simunandikalipire?"

"Unkafuna kundithandiza. Koma ukanafunsa kaye." Anandipukuta misozi ndi chala. "Khalas, kwatha."

Mayi anga atamva sanandimenye. Anangokhala pampando, yunifolomu ili m'thupi, n'kugwira kukamwa. Kukwapulidwa kukanandipepukira.

Sindidziwa ngati hotelayo ikanawalemba mtanda uja ukanakhala bwino, popeza anthu ochuluka ankabwezedwa masiku amenewo. Koma mwayi umodzi umene anali nawo ndinauwononga ine, ndi mtima wabwino komanso manja odziwa mandasi okha. Lero nanenso ndine namwino, ndipo ndikapeza chinthu chimene mnzanga wachisiya mosiyana ndi mmene ndikudziwira, manja ndimayamba ndawaika kumbuyo, n'kufunsa. Pate so ndinaphunzira kuphika nditakula, ndipo amafufuma bwino, koma Anti Lan, oti ndikawalawitse, sindidziwa kumene ali.