Ndinagwa Pamaso pa Abale Ake

Anzanga, nkhani iyi ndakhala ndikuilemba n'kufufuta. Lero ndangoti ipite basi.

Ndine Yunike wa ku Magaleta. Clifford ndinakumana naye m'matope. Kwaya yathu inkapita kukaimba ku Dambe, lole yomwe tinakwera n'kutitimira pachitunda. Anyamata anatsika kukakankha. Panali wina wachilendo wovala shati yoyera, tayala linamuwaza matope thupi lonse. Ndinaseka mpaka misozi!

"Achemwali, mukuseka ine eti?"

"Ayi, ndikuseka shatiyo."

Anali mphunzitsi, atangotumizidwa kumene kuno kuchokera ku Ntcheu. Mnyamata wopemphera. Akagwira maiki pa felloshipu azimayi ankalira. Anthu ankati ali ndi maso auzimu, amaona zobisika.

Tsiku lina tikutuluka ku pulakatisi anandiimitsa.

"Yunike, ndakhala ndikusala kudya. Ambuye andionetsa kuti mkazi wanga ndiwe."

Anzanga, mtsikana wa kwaya umuuze zimenezo, akana bwanji?

Chikondi chinakoma. Loweruka ankabwera kudzathandiza bambo kuthyola manachesi, ngakhale ankaopa kukwera mumtengo. Mayi ankangoti "mwana wanga uja wadya?" Ine pafoni yake Clifford anandiseva kuti Yankho.

Chaka chisanathe, amalume ake ndi achemwali ake aakulu, a Edina, anabwera kudzaonekera kwathu. Lamlungu tonse tinapita kutchalitchi, ndipo woyambitsa nyimbo ndinali ine. Ndinavala yunifolomu yosita bwino, ndikufuna alamu aone.

Ndili pakati pa nyimbo ndinamva fungo ngati la tayala lopsa. Kenako mdima...

Nditatsitsimuka ndinali pansi. Lilime lolumidwa, thovu kukamwa, siketi yonyowa. Ndinali nditadzikodzera, anzanga. Pamaso pa mpingo wonse, pamaso pa amalume ake.

Zinali zisanandichitikirepo chibadwire.

Anzanga a kwaya anali ataima patali, poti amati malovu a wakhunyu amapatsira. Ndinamva wina akuti, "Ziwanda izi!"

Munthu mmodzi yekha ndiye anagwada pambali panga: a Edina, omwe ndinali nditangowadziwa dzulo lake. Anamasula chitenje chawo n'kundifunditsa, mutu wanga n'kuuika pamiyendo pawo, thovu lija akupukuta ndi dzanja.

Ndinafufuza Clifford ndi maso. Anali ataima pakhomo, manja m'thumba.

Abale aja anabwerera kwawo osakamba za chinkhoswe. Clifford foni yanga sankayankha. Atabwera, anakana ngakhale mpando.

"Yunike, ndapemphera. Ambuye andionetsa kuti pali chobisika. Zinthu ngati izi sizibwera chabe. Pali tchimo, kaya lako, kaya la kwanu kuno."

"Si Ambuye omwewo anakuonetsani kuti ndine mkazi wanu?"

Anayang'ana nsapato zake.

"Sorry. Ine ndili ndi utumiki woti ndiuteteze."

Madzulo ake anali atandibuloka paliponse.

Chopweteka n'chakuti ndinamukhulupirira. Ndinasanthula moyo wanga wonse kufunafuna tchimolo. Mpaka ndinafunsa mayi kuti, "Kodi munachitapo chiyani ndili mwana?" Anangolira. Kuchipatala anati ndi khunyu, matenda a muubongo, sapatsirana, n'kundipatsa mankhwala. Koma manyazi alibe mapilitsi. Kutchalitchi ndinasiya. Kumjigo ndinkapita masana dzuwa lili pamutu, kuti ndisakumane ndi munthu.

Patapita miyezi, nambala yachilendo inandiimbira.

"Ndine Edina. Mankhwala ukumwa?"

Ndinangoyamba kulira. "Achemwali, ndinamulakwira chiyani Mulungu?"

"Mwana wanga woyamba amagwanso," anatero. "Funso limenelo ndinalifunsa mpaka mawondo kuchita zipsera. Chifukwa chake sindinauzidwe. Koma tandiuza, Yesu anamuvula zovala pamtanda anthu akuonerera, analakwanji? Manyazi amene ukumvawo amawadziwa. Sakukuonera patali ayi, ali nawe pansi pomwepo."

"Nanga zomwe a Clifford anaona?"

"Mchimwene wanga anaona mantha ake, n'kuwapatsa dzina la Ambuye. Pita kutchalitchi, Yunike. Chisomo sichidikira kuti uyambe wachira."

Ndinapita Lamlungu la mgonero. Ndinakhala benchi yakumbuyo, mayi yemwe anali pamenepo n'kusendeza mwana wake. Nkhope inatentha, miyendo ikuti thawa. Koma ndinakhala. Mkulu wa mpingo atafika ndi mkate sanandidumphe. Ndinalandira, misozi ikugwera pa bulauzi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti Mulungu akundiyang'ana mosanyansidwa.

Sindinachire, anzanga. Mankhwala ndikumwabe, nthawi zina ndimagwabe, kukwaya sindinabwerereko. Munthu akakuuzani kuti waonetsedwa za moyo wanu, musathamangire kumupatsa mtima, kapemphereni nokha kaye.

Clifford anakwatira mwezi wathawu, zithunzi anandionetsa mnzanga. Ndinamupempherera mkaziyo kuti asadzadwale.

Kenako ndinalowa m'nyumba n'kulira, chifukwa mpaka lero ndimamukondabe. Ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi kuposa siketi yonyowa.