Khonde Limene Ndinazira ku Katete

Chaka chimene mwana wanga wamkazi ankalemba mayeso a giredi 12, ndinasiya munda ndi mbuzi m'manja mwa bambo ake ku Vubwi n'kupita kukakhala naye ku Katete. Sukulu yake inali yoyendera, ndipo kwa achibale kumene ankakhala poyamba ntchito za pakhomo zinkamuchulukira, moti mabuku ankawatsegula atatopa kale. Tinapemphera, kenako tinagwirizana kuti ndipite ine, tipeze kachipinda ka lendi, ndizimuphikira ndi kumuchapira mpaka atalemba pepala lomaliza.

Chipinda sichinapezeke msanga. Tinayenda milungu itatu, kulikonse akuti kwadzaza. Pomaliza Mulungu anatitsegulira kunja kwa tauni, kufupi ndi damu. Inali nyumba yaitali ya malata, zitseko zitatu zoyang'ana kumadzi, khonde limodzi. Chitseko chakumapeto chinali chathu. Chapakati chinali cha mayi wina wachitsikana amene mwamuna wake ankayendetsa minibasi ya ku Chipata. Chachitatu chinkangokhala chokhoma, ndipo mwini wake mpaka lero sindimudziwa nkhope.

Malowo anali okongola, ndisaname. M'mawa pamadzi pankagona nkhungu, akakowa n'kumayendayenda m'mphepete. Koma mwana akangonyamula chikwama hafu sikisi, ine basi, ndatsala ndekha mpaka dzuwa litapendeka. Kwathu sungamalize kupeta lichero limodzi usanamve "Odi!" Kuno anthu ankadutsa pakhomo maso ali pafoni. Sabata yoyamba ndinkayala mphasa panja kudikira kuti oyandikana nawo abwera kudzandilonjera monga mlendo. Palibe anabwera. Ndikapereka moni ankayankha bwino ndithu, koma phazi osaima. Kutchalitchi ndinkapita, nyimbo zomwe zija za kwathu, koma tikatuluka aliyense ali ndi gulu lake. Masiku ena ndinkazindikira masana kuti chidzukire ndayankhula ndi Mulungu yekha.

Aneba apakatiwo anali ndi khanda, kamwana konenepa kongoyamba kumene kukwawa. Khonde lathu simenti yake inatha kalekale, panangotsala maenje, fumbi ndi timiyala tosongoka. Kamwanako kankakwawa pomwepo, mawondo ali mbuu, nthawi zina n'kutola kachibuma kuponya m'kamwa. Zinkandikhudza. Ine ndalera ana asanu.

Tsiku lina ndikuchapa kudamu ndinaona dothi lakuda bii pamene madzi anaphwa, losalala ngati mafuta. Mtsiro weniweni, umene kwathu timauyendera mtunda tikafuna kuzira nyumba. Ndinadzaza ndowa ziwiri. Loweruka, aneba atapita kumsika mwana ali kumbuyo, ndinakwirira maenje n'kuzira mbali yanga. Nditafika pamalire a chitseko chawo sindinaganize kawiri. Kwathu ukamazira, mnzako ali ndi khanda m'manja, umamuzirira basi, sufunsa. Ndinapitiriza mpaka pachitseko chawo penipeni, n'kukulungiza ndi mwala wosalala mpaka khonde lonse linayamba kuwala. Ndinkagwira ndikuimba. Mumtima ndinkati lero lokha tiyankhulana.

Tinayankhulanadi. Anafika masana, n'kuima pabwalo osapondapo.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, amake mwana. Ndimati mwanayu azikwawa pabwino."

"Munandifunsa ine?"

"Ayi, pepani. Kungoti kwathu..."

"Kuno si kwanu, amayi. Zimene mwasakaniza m'matope amenewa ndizidziwa bwanji ine?"

Anadumpha khondelo ngati pagona njoka, analowa, n'kutseka chitseko. Ndinatsala chiimire, matope akuuma m'zala. Ndinali ndisanaganizeko n'komwe kuti munthu angayese mtsiro mankhwala.

Lachiwiri kamwana kaja kanatentha thupi. Nyumbayo inalibe siling'i, kulira konse kunkadutsa pamwamba pa khoma kufika kwanga. Miyendo inkafuna kupita, koma ndinadziwa kuti dzanja langa silikufunika kumeneko. Ndinagwada m'chipinda mwanga kupempherera mwanayo motsitsa mawu, kuopa kuti akandimva anena kuti ndikulodza. Amake anapita naye kuchipatala.

Mawa lake m'mawa kunabwera alandilodi. Anali mayi wathupi wa ku Sinda, wogulitsa zovala zakale za salaula pamsika, makiyi ali ngwerengwere m'manja.

"Amayi a ku Vubwi, tatulukani timve."

Nditatuluka ndinapeza azimayi a nyumba zoyandikana adzaza pabwalo. Miyezi iwiri yonse ndinkalakalaka anthu pakhomo panga, ndiye anabwera tsiku limenelo.

Aneba anayankhula mwana ali pamsana. "Chikhalire mwana wanga sanadwalepo. Awa angopaka zinthu zawo pachitseko changa, masiku atatu mwana wagona. Musankhe, alandilodi. Achoke iwo kapena tichoke ife."

"Awa akhala muno zaka zitatu," anatero alandilodi akundiyang'ana. "Inu miyezi iwiri. Ine sindifuna phokoso panyumba panga. Mwezi ukatha muone kwina."

Mayeso anali atatsala milungu isanu. Ndinakumbukira milungu itatu ija yogogoda m'makomo, ndinaganiza za mwana wanga akusenza matiresi pamutu m'malo mowerenga, kapena kubwerera kuja ankatunga madzi a anthu khumi asanapite kusukulu. Ndinagwada pansi pamaso pa onse.

"Amayi, ine ndine munthu wopemphera. Sukulu sindinapite nayo patali, za m'tauni sindizidziwa. Ili ndi dothi la kudamu uko ndi madzi, palibenso china. Ngati ndalakwa ndilangeni ine, koma mwana wanga alembe kaye."

Wina kumbuyo anati, "Onse amatero." Ena anaseka.

Alandilodi anapereka makiyi kwa mayi wina, anakoka chitenje, n'kunjuta pakhonde movutikira. Anasisita pansi ndi chikhato, kenako ananunkhiza zala.

"Munakulungiza ndi chiyani?"

"Ndi mwala, amayi."

"Ulipo?"

Ndinautenga pawindo n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anautembenuzatembenuza.

"Mayi anga ankazira chonchi Loweruka lililonse," anatero. "Ukapondapo pasanaume, khutu limatsala m'manja mwawo." Anadzuka akubuula, n'kutembenukira kwa aneba. "Kuchipatala akuti n'chiyani?"

"Akuti malungo."

"Malungo. Mukhala pamphuno pa damu, udzudzu ngati mitambo. Neti ija anakupatsani kusikelo ili kuti?"

Alandilodi analoza kuseri kwa nyumba.

"Si ija mwatchingira repu kuseriku kuti nkhuku zisadye? Repu akugona m'neti, mwana panja!"

Pabwalo ponse kuseka. Ine sindinaseke. Ndinaona nkhope ya mayi wachitsikana uja, maso atafiira ndi kusagona, ndipo ndinadziwa kuti manyazi amenewa sadzandikhululukira nawo.

"Koma nanunso amayi mwalakwa," anatero alandilodi. "Kuno khomo la munthu ndi la munthu. Ngakhale kusesa, muzilekeza pamalire. Mupale mbali yawo lero lomwe. Mukhala mpaka mwana alembe."

Ndinaomba m'manja kuthokoza, misozi ikutsika yokha.

Khasu ndinali nalo, ndinabwera nalo kuchokera kumudzi. Anthu atabalalika ndinayamba kupala. Mtsiro unali utagwira bwino, unkatuluka zibenthuzibenthu, maenje aja n'kumaonekeranso limodzilimodzi. Ndinawolera zonse mundowa n'kukataya kudamu komwe ndinazitenga. Mwana wanga pobwera kusukulu anapeza khonde theka lakuda, theka fumbi.

"Amayi, chachitika n'chiyani apa?"

"Palibe. Idya, ukawerenge."

Ndinadzamuuza atamaliza mayeso.

Milungu yotsalayo inali yachete kuposa poyamba. Khanda lija linachira, Mulungu alemekezeke, ndipo neti inachoka padimba. Koma amake analekeratu ngakhale moni uja wa phazi losaima. Kamwanako kakakwawira mbali yanga kutsata posalala, ankabwera n'kukanyamula osanena kanthu, ine manja ndili nawo pamiyendo. Ndinkasesa kulekeza pamalire monga anandiuzira. Masana ndinkatsikira kumadzi kukachapa ngakhale zovala zimene sizinade kwenikweni, kuti tsiku lifupike.

Mwana wanga analemba mapepala ake onse akuchokera m'chipinda chimenecho, wokhuta, yunifolomu yosita, osachedwa ngakhale tsiku limodzi. Ndicho ndinapitira, ndipo Ambuye anandipatsa. Alandilodi aja ndimawakumbukira m'mapemphero mpaka pano.

Tsiku lonyamuka tinamanga katundu m'mamawa. Sindinaleredwe kuchoka pamalo osatsanzika, choncho ndinaima pabwalo, kutali ndi chitseko chapakati, n'kuitana.

"Odi, amake mwana! Ife tikupita. Tsalani bwino."

M'katimo wailesi inkalira, ndipo ndinamva kamwana kakugwetsa supuni. Ndinaitananso kachiwiri. Chitseko sichinatseguke. Ndinafuna kusiya pemphero la mwanayo pomwepo, koma ndinaopa kuti wina andiona ndikugwedeza milomo pakhomo la eni. Ndinasenza katundu, tinayenda mpaka pasiteji, ndipo ndinamupempherera minibasi itanyamuka kale.