Kapu Yodzaza

A Gennadiy Lapshin anabadwira ku Fergana, m'dziko la Auzibeki, n'kukalambira komweko akuwotcherera mapaipi a madzi. Anali Mrasha, inde, koma ku Russia anali asanapondeko. Arasha anzawo atasamuka, iwo anatsala, akumati mwamuna sathawa manda a mkazi wake. Tiyi ankamwa ngati anansi awo Achiuzibeki: mlendo womukonda umamuthirira pang'ono chabe, kuti uzimuwonjezera macheza akupitirira. Kumudzazira kapu ndiye kumuuza kuti amwe azipita.

Maondo atayamba kukana, Zoya, mwana wawo mmodzi yekhayo, anawaitana ku Saratov, mzinda wa ku Russia kumene anakwatiwa. Anapangana kuti akayese kaye mwezi umodzi. Akakakhazikika, nyumba ya ku Fergana igulitsidwe.

Tsiku lofika, mkamwini wawo Valeriy anawadzazira kapu mpaka m'milomo. Mkuluyo anayang'ana kapuyo, n'kuyang'ana chitseko, koma anaugwira mtima. Wobadwira kuno uyu, angadziwe chiyani? Pamasitepe a nyumba yosanjayo mkuluyo ankapereka moni dzanja lili pachifuwa, anthu n'kumafumbata zikwama zawo. Mayi wina mpaka anafunsa Zoya ngati "Muuzibeki uja" akhalitse. Ha! Moyo wonse ankatchedwa Mrasha, lero afika kwa Arasha asanduka Muuzibeki. Zonsezi anazimeza, poti mwana wawo ankamukonda, ndipo kufera okha m'nyumba ankakuopa zedi.

M'mawa wina mwezi uli pafupi kutha, wothira tiyi anali Zoya mwini wake, mwana wa ku Fergana, amene iwo anamuphunzitsa okha kagwiridwe ka tiyipoti. Anathira ali chiimire, kapu n'kudzaza tho!

"Zoya, wadzaza."

"Imwani, Ababa, ndachedwa kuntchito."

"Ndati wadzaza."

Zoya anaima, chikwama chili paphewa, kenako n'kukumbuka. "Aa, Ababa, nanunso! Zakwathu zija? Kuno ndani ali ndi nthawi yokhala pansi kumathirira munthu timadontho? Sindikukuthamangitsani ayi."

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero mkuluyo. "Bwenzi zili bwino ukanandithamangitsa. Wothamangitsa mlendo ndiye kuti wamuona."

Zoya anayang'ana wotchi. Analidi atachedwa, ndipo bwana wake sankamva za abambo a anthu. Anawapsompsona pamutu n'kutuluka. A Gennadiy anakhala ndi kapu yawoyo mpaka inazizira, mtima ukuwawa kuposa maondo.

Nyumba ija sinagulitsidwe. Pabwalo la ndege Zoya analira mpaka anthu kutembenuka, akuwalonjeza kuti Lamlungu lililonse azikhala nawo pansi. Iwo anamupukuta misozi ndi chala chawo cha zipsera, n'kumuuza kuti afulumire, basi ingamusiye. Anabwerera ku Fergana ndi maondo omwewo, ndi mantha omwewo, ndipo sanauzeko aliyense kuti kwa mwana wawo anachokako chifukwa chiyani. Anansi akafunsa, ankangoti kumeneko kumazizira.