Tianthu ta M'mono ndi Ukwati wa Mzime Wanga

Senderani kuno, inu muli kumapetoko, mawu anga masiku ano safika patali.

Amayi anga anali ndi nthano ya mmene anthu anayambira. Ankati Bilimankhwe anatchera mono mumtsinje, pokaonjola n'kupezamo tianthu tiwiri, kamuna ndi kakazi. Mulungu anati titayire pansi tikule. Titakula tinapeka moto, tchire lonse n'kupsa, ndipo Mulungu utsi utamukwana anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Akamaliza amayi ankati, "Iyi ndi ya bere lathu, ndinaimva kwa agogo ako." Ndinakula ndikudziwa kuti nthanoyo ndi yathu ngati munda.

Tsono mzime wanga ankagula usipa ku Lungwena n'kukagulitsa ku Katuli pa njinga. Kumeneko anaona mbeta, ya banja lomwe linathawa nkhondo ku Mozambiki. Ndisanalole kuti ankhoswe apite, ndinati ndikaone ndekha. Anandilandira bwino, tinakhala pakhonde ine ndi mayi a mtsikanayo tikusenda nandolo. Adzukulu awo atayamba kumenyana, mayiwo anawakhazika pansi n'kuwayambira nthano. Ndikumva mono. Ndikumva tianthu tiwiri. Pofika pa kangaude, manja anga anali atasiya ntchito.

Mudziwe kuti agogo anga anali ndi mng'ono wawo amene anapita ku Mozambiki kalekale osabweranso. Ngati mayiwa anachokera mwa iyeyo, ndiye kuti mwana wanga akufunsira mlongo wake. Ndinawayang'ana makutu. Ndinawayang'ana zala za kumapazi. Chilichonse chinayamba kufanana ndi cha kwathu.

Nditabwerera ndinauza achimwene anga, omwe anali nkhoswe, kuti asapiteko.

"Chifukwa cha bilimankhwe?" anatero akusoka ukonde. "Achemwali, dzuwa la ku Katuli lakuwombani m'mutu."

Mzime wanga uja anasiya kudya kwanga. Akabwera ndi usipa ankangoutula pakhomo n'kupalasa njinga.

Ndinapita kwa ashehe. Iwo anati m'kitabu munthu anaumbidwa ndi dothi, zamono sazidziwa, komanso anthu awiri oyambawo analakwa, n'kutalikirana ndi Mlengi wawo. Ndinati m'mtima, kulakwa ndi kutalikiranako akutenga kuti? Ku Nkope ndinafunsa msodzi wina wochokera kumpoto, Mtonga. Anati kwawo Bilimankhwe anatumidwa kukanena kuti anthu akafa azidzuka, koma anazengereza panjira, Buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Mayi wina wa Chichewa wogula utaka pomwepo analowerera, akuti kwawo anthu anatsika ndi mvula, mapazi awo alipobe pamwala, ndipo Chauta anathawa moto womwewo, pa ulusi womwewo.

Ena zikanawatonthoza. Ine ndinayamba kukayikira aliyense. Kodi nthano ya amayi inabedwa liti, kuti ifike mpaka kumpoto? Kapena amayiwo ndi amene anaitola kwa eni ake?

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti Mangochi yense ndi bere limodzi. Kauzeni ashehe atseke ndowa zonse, pasakhalenso ukwati, tizingoonana."

Ndinabwereranso ku Katuli, ulendo uno osazungulira. Ndinati, "Amayi, nthano ya mono ija munaimva kwa yani?"

Anayamba apeta kaye nandolo, kenako anati, "Mwabwerera zimenezo? Ine ndimayesa mwapeza banga pa mwana wanga." Anati amayi awo anamwalira iwo ali khanda. Nthanoyo anaimva kumsasa wa othawa nkhondo, kwa nkhalamba ina ya Chiyao yomwe ankaima nayo pamzere wa ufa. Bere lawo ndi la Alomwe, ndipo kwawoko amati anthu anatuluka kuphanga la phiri. "Koma ya phiriyo ana saikonda, mulibe nyama."

Ndinafunsa midzi ya azigogo awo. Anatchula, palibe umodzi womwe ndinaumvapo. Ndinalola, ankhoswe anapita, ndowa inamangidwa. Komabe kuchedwa kuyankha kuja sikunandichoke. Munthu wonena zoona amayamba wapeta kaye nandolo?

Mwana wanga ali ku Katuli komweko, chikamwini, njinga anasintha ndi yamoto. Mkazi wake wabereka ana amphumphu, aliyense ndinamuyang'ana bwinobwino ali kuchikuta. Achimwene anatisiya chaka cha madzi osefukira, akundisekabe. Msodzi wa kumpoto anabwerera kwawo nsomba zitachepa. Ashehe maso anafooka, akuwerengetsa ana pamtima. Asewere anga, mayi a ku Katuli aja, ali moyo, timatumizirana ine usipa iwo nandolo, koma akamandiperekeza ndimatsalira m'mbuyo pang'ono kuti ndione kayendedwe kawo.