Mudzi wa ku Italiya umene ndinkaudziwa ndekha

Mayi uja anafika ku Doornfontein Loweruka masana, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Ndinamuona pawindo iye asanandione. Ndimakhala pamwamba ndipo lifiti inafa kalekale, ndiye ndinapeza mpata wokiya chipinda cha mdzukulu wanga n'kukhala pansi ngati sindikudikira munthu.

Anali mwana wamkazi wa m'nyumba ina ya ku Sandton kumene ndinagwira ntchito zaka zambiri. Bambo ake anali Mtaliyana. Anabwera kuno ali mkaidi wa nkhondo, nkhondo itatha sanabwerere kwawo, anayamba zomangamanga n'kulemera. Nkhalambayo ndinaisamala ine mpaka tsiku lake lomaliza. Mwana wanga wamkazi ankabwera kudzandithandiza kusita pa holide, ndipo mnyamata wa m'nyumbamo, mlongo wake wa mayi uyu, anamupatsa mimba. Maliro a nkhalamba atangotha anatithamangitsa tonse awiri, mimba ikuoneka kale. Mwana wanga anamwalira khandalo lisanayambe sukulu. Mdzukulu wangayo, mtsikana, ndinamulera ndekha alibe ayidi, chiphaso cha boma, chifukwa mayi ake analibe mapepala a dziko lino ndipo bambo ake anakana kusayina. Chaka chimenecho anali mu matiriki, kalasi yomaliza ya sekondale, ndipo kusukulu anali atandiitana kale kuti popanda ayidi za mayeso zivuta.

"Gogo, simunasinthe ayi," anatero mayiyo akupuma wefuwefu.

"Inu mwasintha, adona. Mwanenepa. Khalani apo."

Tiyi sindinamupatse. Anayamba ndi kufunsa za mawondo anga, za tchalitchi, za kumudzi. Ndinangomuyang'ana mpaka mafunso anamuthera. Ndiye anafika pa chimene anabwerera. Iye ndi mlongo wake ankafuna mapasipoti a ku Italiya, awo ndi a ana awo. Kuti awapeze pankafunika kalata ya kubadwa ya bambo awo yochokera ku ofesi ya boma ya m'mudzi mwawo, ndi ya ubatizo yochokera ku parishi. Mapepala a kundende ya nkhondo ankangotchula chigawo, ndipo chigawocho chili ndi midzi yosawerengeka. Analembera ansembe ambiri, ena osayankha, ena n'kuyankha kuti munthu wotero alibe m'mabuku mwawo. Kenako wina anakumbukira kuti amene ankatumidwa ku positi ofesi ndinali ine.

Mudziwo ndinkaudziwadi. Pano sindiulemba, sindikudziwa amene adzawerenge. Chaka chilichonse Khirisimasi ikamayandikira nkhalamba ija inkandiitanira kugalaja n'kundipatsa phukusi, nthawi zina nsapato, nthawi zina juzi, n'kunena kuti asadziwe munthu, ngakhale adona aakulu, mayi a ana akewo. Pamwamba pankalembedwa dzina la mkazi. Ndinkayesa ndi mlongo wake. Koma itadwala, tsiku lina ndikuisambitsa, inandiuza yokha kuti ameneyo ndi mkazi wake wa ukwati wa m'tchalitchi, anamukwatira nkhondo isanayambe, ndipo ukwatiwo sunathe. Ndinapitiriza kuipukuta msana. Nkhaniyo ndinaisunga.

Mayi uja anayamba kutsegula chikwama. Ndinamuuza kuti atseke.

"Mlongo wanu apite ku ofesi ya ziphaso akasayine kuti mwana ndi wake. Ayidi ikatuluka, mudzi mudzaumva."

"Gogo, munthu uja ali ndi banja."

"Ndikudziwa. Wina wa m'banjamo, mdzukulu wanga, wapita kukwaya, abwera posachedwa. Mumudikira?"

Anayang'ana chitseko. "Tiuzeni kaye dzinalo, ndikulonjeza pamaso pa Mulungu kuti asayina."

"Mulungu musiyeni, adona, masitepe aja ndi ambiri. Mukatsike bwino."

Panapita milungu. Ananditumira wansembe wina wa kwawoko kudzandinyengerera, ndinamulandira mwaulemu n'kumuuza kuti ndakalamba, mutu wanga umakumbukira ukaona ayidi. Anayesanso kuimbira mdzukulu wanga foni mwamseri kuti andifufuze. Mwanayo sakanawauza kanthu, chifukwa nayenso sindinamuuzepo.

Mapeto ake bambo wa mwana uja anabwera ku ofesi ya ziphaso. Anaima pa mzere pakati pa ife tonse, chipewa atachitsitsa mpaka m'maso, imvi zili mbuu. Popeza mayi wa mwana anamwalira ndipo anali mlendo, a ku ofesi anafuna kuti ayezetse magazi. Anayezetsa. Tsiku losayina ndinamumamatira ngati nkhupakupa, atapita kuchimbudzi ndinakaima pakhomo. Bamboyo anayang'ana mwana wake kamodzi n'kumupatsa moni wa Chingerezi. Mtsikanayo anayankha m'Chizulu, maso ali pa foni.

Atasayina, madzulo omwewo mlongo wake anaimba foni. Ndinati kusayina si ayidi. Ankaimba sabata iliyonse, ine yankho lomwelo. Ayidi itatuluka ndinapita nayo kwa ahedi a sukulu kuti aione ngati ili yeniyeni, chifukwa anthu a ndalama amadziwana ndi anthu ambiri. Ahedi anailowetsa mu kompyuta n'kunena kuti zonse zili bwino. Pamenepo ndinamuitana mayi uja kuti akwerenso masitepe, ndipo ndinamulembera dzina la mudzi, lenileni, ndi la msewu lomwe. Anandigwira manja akulira. Ndikanatha kumuchenjeza nthawi imeneyo. Ndinamuuza kuti ayende bwino.

Wansembe wa kumudzi kuja sanachedwe kuyankha. Anatumiza tsamba la m'buku la ubatizo, ndipo kwawoko munthu akakwatira amalemba m'mphepete mwa tsamba lomwelo. Ukwati woyamba uja unali pomwepo. Ofesi ya boma nayo inatumiza zake, zonena chimodzimodzi. Foni ya mayi uja inandipeza ndikuchapa.

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Munafunsa za mudzi, adona."

Analankhula nthawi yaitali. Ku ofesi ya dziko lija mapepala awo anaimitsidwa, chifukwa ukwati wa mayi awo tsopano unali ndi mafunso. Kumudziko kunapezekanso mwana wamwamuna wa mkazi woyamba, wokalamba koma wamoyo, ndipo mudzi ndi waung'ono, anamva. Anali atalemba kale kufunsa za chuma cha bambo ake. Ndinatsamira khoma n'kumvetsera zonse, sindinadule. Eyataimu inali yake.

Mdzukulu wanga anati, "Koma gogo, inu ndi oopsa."

"Pita ukawerenge."

Tsiku loyamba la mayeso ndinamuperekeza mpaka pa geti ya sukulu, ayidi ili m'kathumba ka mkati mwa bulauzi yanga. Ndinamupatsa pomwepo, ndinamuona akuionetsa kwa woyang'anira, ndinamuona akulowa. Kenako ndinakhala pa kakhoma ka tsidya lina la msewu kudikira kuti akatuluka andibwezere.