Phulusa la Chimbuya pa Mutu wa Woyimbira Mpira

Lamlungu lapitali ndinagwira mbendera m'mphepete mwa bwalo la mpira kuno ku Feira, ndipo kufikira lero sindikumvetsa chimene ndinaona. Mwina inu owerenga mundithandiza.

Ndili patchuthi kuchokera ku koleji, choncho akuluakulu a ligi yathu ya m'midzi anandipempha kuti ndithandize woyimbira mpira kuyang'anira mzere. Anyamata a ku Mburuma anabwera pa lole ya makala kudzakumana ndi timu ya asodzi ya ku Kavalamanja. Woyimbira anali a Chanda, mphunzitsi wa Chibemba amene anatumizidwa kudzagwira ntchito kuno zaka zingapo zapitazo. Salandira kanthu akaimbira. Amangoikonda ntchitoyo, ndipo mwa oyimbira onse kuno ndi iwo okha amene anachitapo maphunziro ake.

Mpira uli pafupi kutha, Lazalo, wotchinga kumbuyo wa ku Mburuma, anatchera mwendo mnyamata amene anali atatsala yekha ndi wapagolo. A Chanda anatulutsa khadi lofiira. Lazalo sanatsutse. Anatuluka m'bwalo, napita pansi pa mtengo pamene panali chidebe cha phulusa limene timalembera mizere, nabwerera nacho n'kuwakhuthulira a Chanda pamutu.

"Iwe M'bemba wodya anyani," anatero, "lero ndikuponya mu Zambezi, ng'ona zikudziwe."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amayi ogulitsa zitumbuwa anaimba nthungululu. A Chanda okha ndiwo sanaseke. Anaima chiimire, ali mbuu, phulusa lili m'maso ndi m'kamwa. Kenako anathetsa mpirawo napita kukasamba pa mpope. Kuyambira pamenepo funso linali limodzi: kodi munthu ameneyu adzaimanso pakati pa bwalo, anyamata n'kumvera wezulo yake?

Mlendo angadabwe kuti anthu ankaseka chiyani. Ankaseka chimbuya, ubale wanthabwala wa pakati pa Abemba ndi ife a kum'mawa, ife Ansenga pamodzi ndi Angoni ndi Achewa. Timanyozana poyera. Ife timati iwo amadya anyani, iwo amati ife timadya mbewa. Pamaliro timapakana ufa kapena phulusa, ndipo amene wakwiya ndiye amaoneka wosaleredwa bwino.

Mwambo umenewu ine sindingaunyoze. Pamene malume anga anamwalira, anamwino awiri Achibemba anafika pasiwa natipaka ufa kumaso, nanena kuti malemuyo athawa dala chifukwa mbewa zatha m'minda. Tinaseka misozi ili m'masaya. Anamwino omwewo ndiwo anatunga madzi tsiku lonse. Ku koleji nako mnzanga wapamtima ndi M'bemba, ndipo sanandiitanepo ndi dzina langa lenileni.

Lachitatu komiti ya ligi inakhala m'kalasi ina, ndipo ine ndinaitanidwa monga mboni. Lamulo lathu ndi lomveka: woopseza woyimbira amaletsedwa kusewera mpaka ligi itatha, ndipo womugwira ndi dzanja amakhala kunja chaka chathunthu. Ndinkaganiza kuti nkhaniyo itha msanga.

Lazalo anaimirira mwaulemu, chipewa chili m'manja. Ananena kuti sanaopseze munthu aliyense, ankangosewera ndi mbuya wake, ndiye kuti mnzake wa chimbuya. Ananenanso kuti a Chanda omwewo, akakumana naye kumsika, amamufunsa ngati wabweretsa mbewa zokazinga, ndipo iye sanakawasumirepo kulikonse. Za dzanja, anati dzanja lake linagwira chidebe, osati munthu. Akuluakulu amene anabwera naye anavomera ndi mitu. Mmodzi wa iwo anaonjeza kuti kulanga mwana chifukwa cha chimbuya n'chimodzimodzi kulanga makolo amene anachiyambitsa.

Wapampando, a Njobvu, anatembenukira kwa ine. Anati popeza ndinali pafupi, ndiuze komiti ngati Lazalo anali wokwiya kapena ankasewera.

Owerenga anga, mukanayankha bwanji? Ndinaona mitsempha ya pakhosi pake itatupa. Ndinaonanso kuti atangokhuthula phulusalo anatembenukira kwa anthu akumwetulira. Ndinanena kuti ndinaona zonse ziwiri. A Njobvu anati mwana wa ku koleji sanawathandize.

Pamenepo Domingo, kaputeni wa timu ya ku Kavalamanja, anapempha kulankhula. Iye ndi Mchikunda, ndipo makolo ake anachokera kutsidya, ku Zumbo. Anati iye sakudziwa ngati chimbuya chimenechi chimafika kwa Achikunda kapena chimathera ku Mburuma. Ngati sichifika, ndiye kuti timu imodzi ili ndi ufulu wothira woyimbira phulusa pamene inzake ilibe, ndipo mpira wotero si wachilungamo. Ngati chimafika, awauze lero, kuti Lamlungu likubwerali nawonso abwere ndi chidebe chawo.

Anthu anasekanso. Ine ndinaona kuti Domingo wafunsa funso lolemera kuposa onse.

Potsiriza a Njobvu anafunsa a Chanda ngati anachita mantha.

"A Njobvu," anatero a Chanda, "ndikanena kuti ndinaopa, mawa kumsika adzati M'bemba uja sadziwa chimbuya, ndipo ana m'kalasi adzandiseka. Ndikanena kuti sindinaopa, Nsenga aliyense amene ndidzamuonetse khadi adzathamangira chidebe. Mundisankhire ndinu yankho."

Palibe amene anawasankhira. A Njobvu anangoti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo anatitulutsa kuti komiti ikambirane.

Ndili panja ndinayesa kuiika nkhaniyi m'malo mwake, monga amatiphunzitsira kusanthula nkhani ku koleji, koma inakana kukhazikika. Ndikati Lazalo aletsedwe chaka, ndikuona mnyamata wootcha makala amene chisangalalo chake chokha ndi Lamlungu, akulangidwa chifukwa cha chinthu chimene bwalo lonse linachiombera m'manja. Kodi tingalange mmodzi pa chimene tonse tinachisekerera? Ndikati akhululukidwe, ndikuona a Chanda ataima okha pakati pa anyamata amphamvu, opanda wapolisi, opanda mpanda, chowateteza chili kawezulo ndi lamulo la ligi basi.

Chinthu chimodzi chokha ndinachigwira. Chimbuya chimakoma chifukwa mnzako amabweza. Ukamupaka ufa lero, iye adzakupaka mawa. Ukamutcha wodya anyani, iye ali ndi mbewa zake zokuponyera. Koma woyimbira ali m'bwalo sangabweze. A Chanda akanatola phulusa n'kumuthira Lazalo, tonse tikanati woyimbira wapenga, ndipo komiti yomweyi ikanawachotsa tsiku lomwelo. Tsono nthabwala imene mmodzi yekha ndiye ali ndi chilolezo choichita, kodi ikadali nthabwala?

Komabe ndikafika pamenepo mtima umandifunsanso: ngati tiyamba kuika malire a malo amene chimbuya chiyenera kulowa, tidzathera kuti? Lero bwalo la mpira, mawa kalasi, mkuja chipatala. Kodi sitidzatsala ndi chimbuya cha pamaliro chokha? Ndipo ndani adzaweruza kuti apa panali kuseka, apa panali mkwiyo, pamene ine amene ndinali pafupi ndinalephera?

Sikuti ndi mpira wokha. Ndamvapo anthu akunena mawu olasa kwa namwino kapena kwa wogulitsa m'sitolo, ndipo akaona kuti mnzawoyo wakhumudwa amafulumira kunena kuti ndi chimbuya. Mawu amatuluka ali mkondo, koma akafunsidwa amasanduka nthabwala. Sindikudziwa ngati Lazalo anachita zimenezo. Mwina iye mwini sakudziwa.

Atatiitananso, a Njobvu analengeza chigamulo. Lazalo sadzasewera masewero awiri, chifukwa cha khadi lofiira lija ndi chifukwa chotaya phulusa la ligi. Pa za kuopseza, komiti inapeza kuti panalibe mlandu, popeza mwambo ndi mwambo. Koma pofuna kuteteza a Chanda, ndi poyankha dandaulo la Domingo, komiti inagamula kuti a Chanda asadzaimbirenso mpira uliwonse umene muli wosewera wa Chinsenga, wa Chingoni kapena wa Chichewa.

Anthu anaomba m'manja, nati akuluakulu aweruza mwanzeru: mwana sanaphedwe, mwambo sunanyozedwe, mphunzitsi watetezedwa. Inenso ndinatsala pang'ono kuomba. Kenako ndinayamba kuwerenga matimu a ligi yathu m'mutu, imodzi ndi imodzi, kufunafuna imene mulibe Nsenga ngakhale mmodzi. Sindinaipeze. Ngakhale wapagolo wa Domingo ndi Nsenga.

A Chanda anali atazindikira kale. Anathokoza komiti mwaulemu, nafunsa ngati ana a sukulu nawonso akuwerengedwa m'chigamulocho, chifukwa Lachisanu amawaimbira mpira wawo. A Njobvu anati ayi, ana ndi ana. A Chanda anati zikomo, natuluka. Pakhomo Lazalo anawatambasulira dzanja nawatcha mbuya, ndipo iwo analilandira dzanjalo, pakuti M'bemba angakane bwanji dzanja la mbuya wake anthu akuona?

Lazalo adzabwerera m'bwalo mwezi uno usanathe. Mpira wa Lamlungu likubwerali udzaimbidwa ndi mkulu wina wogulitsa nsomba zouma, amene amati malamulo anawaphunzira pomvera wailesi. A Chanda adzaonerera ali kunja kwa mzere, ngati adzabwera n'komwe.

Ndawerenga lamulo la ligi mobwerezabwereza, ndipo paliponse limanena za chilango cha wosewera. Komiti yathu inakhala pansi kuti iweruze wothira phulusa, ndipo palibe mmodzi mwa akuluakulu aja amene anali ndi mtima woipa. Nanga zatheka bwanji kuti woletsedwa mpira mpaka kalekale akhale wothiridwayo?